Si bomba limagwetsa nyumba, ndi kulemera kwake komwe

Dzulo mphwanga anandionetsa pa foni kanema wa nyumba ya Bank of Lisbon ya ku Johannesburg, ija anaigwetsa pa 24 November 2019 itawonongeka ndi moto. Nsanjika zoposa 20, pakatikati pa tauni, koma inangokhala pansi ngati munthu wothyoka mawondo. Iye akuti, "Achimwene, mabomba ake ndiye amphamvu!" Ine ndinakana. Mphamvu ya ntchito imeneyi ili pa kudekha.

Masekondi ochepa timaonerawa amawakonzekera miyezi. Amayamba achotsa mawindo, zitseko, asibesitosi ndi makoma omwe sanasenze kanthu. Kenako mainjiniya amafufuza zipilala zomwe zanyamula nyumbayo. Za konkire amaziboola n'kulowetsamo dainamaiti, zachitsulo amazicheka ndi zophulitsira zapadera zodula ngati mpeni. Chipilala chilichonse amachikulunga ndi waya wa mpanda komanso chinsalu cholimba kuti zibenthu zisauluke. Ndipo siziphulikira pamodzi, zimatsatana motalikirana kachigawo ka sekondi, kuti mbali ina iyambe kugonja n'kukokera inzake mkati. Amene anadulapo mtengo waukulu pafupi ndi nkhokwe akudziwa: umasema kumene ukufuna ugwere, kwinako umadzigwetsa wokha.

Ngakhale akatswiriwo zimawalaka. Mu 1997 ku Canberra, dziko la Australia, anthu anakhamukira kukaonerera chipatala chakale chikugwetsedwa. Chitsulo chinauluka n'kupha mtsikana wa zaka 12 yemwe anaima kutsidya kwa nyanja, patali ndithu. Nkhani imeneyi imandiwawa. N'chifukwa chake amatseka misewu ndi kusamutsa anthu, sachitira nkhanza ayi.

Kuno ku Chipata tilibe nyumba zofuna dainamaiti, koma timagumula tsiku ndi tsiku. Sabata yatha kukomboni kwathu ndinapeza anyamata awiri akugwetsa sitolo yakale. Ankagogoda khoma ndi hamala kuyambira m'munsi, akuti likagwa lonse ntchito ichepa. Ana atatu ali pomwepo kutola zidutswa za njerwa, mmodzi wopanda nsapato. Mayi wogulitsa tomato wayala thebulo lake mapazi ochepa chabe kuchoka pakhomapo. Malata a asibesitosi anangowaponya pansi n'kusweka, fumbi lili kobo, pomwe fumbi limeneli limawononga mapapo mpaka kuyambitsa khansa.

Ndinawapempha kuti, "Abale anga, yambirani pamwamba, mumange chingwe, anawa achoke." Anangoti tinazolowera ife. Koma khoma silidziwa kuti munthu anazolowera.

Inu eni nyumba amene mumalemba aganyuwa, chingwe ndi ndalama zingati? Kuthira madzi kuti fumbi lisabuke, kuuza oyandikana nawo tsiku logumula, zimenezi zikufuna injiniya wochokera ku Lusaka?

Lero m'mawa ndadutsanso. Khoma lija likadali chilili, lodyeka m'munsi, m'mbali mwa kanjira komwe ana amadzera popita kusukulu.