Kodi munapita ku yunivesite kukaimba kwaya?

Sabata yatha mwana wa mchemwali wanga wabwera ndi kalata yomuchotsa sukulu, ali chaka chachiwiri. Mnyamata amene aphunzitsi ankamunyadira kuyambira ku sekondale! Pomufunsa chavuta n'chiyani, akuti, "Malume, nthawi inandichepera." Ikanakukwanira bwanji? Wapampando wa kwaya ndiwe, kaputeni wa timu ya mpira ndiwe, ku zisudzo uliko, ndiye n'kuwonjezeraponso kampeni yofuna mpando m'bungwe la ophunzira. Buku ukanalitsegula liti?

Ana inu, sabata ili ndi maola 168 basi, ndipo palibe komiti imene ingakuwonjezereni ngakhale limodzi. Thupi likufuna tulo ta maola 7 mpaka 9 usiku uliwonse. Ola limodzi la m'kalasi limafuna ena awiri owerenga panokha: mukakhala m'kalasi maola 15, ena 30 akukudikirani ku laibulale. Wogwira maola 45 amenewo ndi munthu wolembedwa ntchito kale. Nanga mapulakatisi a masiku anayi, misonkhano yotha pakati pausiku ndi maulendo a timu mukuwaika pati? Mukuba tulo, kenako n'kumakawodzera pamaso pa mphunzitsi. Asainimenti mukukopera kwa mnzanu m'mawa wa tsiku loipereka. Sabata ya mayeso ndiye mwayamba kusakasaka manotsi a semesita yonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Musandimve molakwa, sindikudana ndi magulu. Ngakhale Alexander Astin, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, analemba mu 1984 kuti wophunzira wotenga nawo mbali pa zochitika za pasukulu amapindula kuposa wongodzipatula. Inenso ndinkathamanga pa nthawi yanga, ndipo anzanga ena a lero ndinawapeza kumeneko. Koma linali gulu limodzi, ndipo mayeso akayandikira nsapato zothamangira zinkalowa pansi pa bedi.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi ichi: kwaya ija yasankha kale wapampando wina. Timu yasewera Loweruka popanda mnyamata uja, mwinanso yapambana. Onse aja ankamuimbira m'manja, ndani wabwera kudzamuona? Kodi mayeso obwereza adzakulemberani ndi anzanu a m'komiti? Mendulo ija mudzaionetsa kwa ndani pamene akufunsani digiri?

Makolo anu akudzimana kuti mukhale pamenepo, inu muli kalikiliki kuyeserera sewero. Sankhani chimodzi, zinazo zisiyeni, mukawerenge. Manyazi mulibe?