Mlatho si malo ounjikapo mchenga

Ndikaona kontrakitala wokonza msewu ataunjika mchenga ndi miyala pamwamba pa mlatho, makina ake olemera ataimikidwa pomwepo, mtima wanga sukhala m'malo. Ambiri timaganiza kuti mlatho womwe umanyamula mathiraki tsiku ndi tsiku ungapirire chilichonse. Koma mathiraki amadutsa motalikirana n'kumapita. Mulu wa miyala ndi makina zimatsikira pamalo amodzi, pa zitsulo zomwezomwezo.

Pa 1 Ogasiti 2007, mlatho wa I-35W mumzinda wa Minneapolis ku America unagwera mumtsinje wa Mississippi madzulo, anthu akuweruka kuntchito. Anthu 13 anafa, 145 anavulala. Bungwe la NTSB, lofufuza ngozi za mayendedwe ku America, litafufuza linapeza kuti zina mwa zitsulo zafulati zolumikiza mizati ya mlathowo zinali zopyapyala, theka chabe la momwe zinayenera kukhalira. Mlathowo unatsegulidwa mu 1967, ndipo unapirira chilema chimenechi zaka 40. Tsiku limenelo okonza msewu anali ataikapo mchenga, miyala ndi makina olemera matani opitirira 250, zambiri mwa izo pamwamba penipeni pa malo ofookawo.

N'chifukwa chake ine ndimati ntchito yotere isayambe mainjiniya asanawerengetse kulemera kwa chilichonse chokwera pamlatho, komanso asanamate ma strain gauge pa zitsulo. Ndi tizipangizo tating'ono kwambiri. Chitsulo chikatamuka pang'ono, mosaoneka n'komwe ndi maso, magetsi odutsa m'tizipangizoti amasintha ndipo kompyuta imalemba. Dzuwa nalonso limatamula chitsulo masana, usiku n'kubwerera. Ndiye kuyeza kuyambe masiku angapo makina asanafike, kuti katundu akakwera, adziwe kuti kusinthaku kwadza ndi kulemera kapena ndi kutentha chabe.

Mlatho watsopano womwe unatsegulidwa pamalopo mu 2008 uli ndi masensa, tizipangizo toyezera ngati ma strain gauge aja, mazanamazana. Ndi zabwino ndithu, koma sensa imangouza za pamalo pomwe yamatidwa. Ngati palibe amene wakayikira cholumikizira, palibenso amene angaikepo sensa.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti manambala angamabwere bwinobwino koma wowaona alibe mphamvu. Pasaiti pakhale injiniya woti akanena kuti chotsani makinawa pompano, achotsedwe, ngakhale kontrakitala atadandaula kuti masiku a ntchito akumuthera.