Thirela yogula ku Joni pa msewu wa ku Nyika, masipuling'i awo ndi athu

Abale anga, nkhani ya thirela yandidyera tulo chaka chonse ndiye ndati ndiifotokoze, mwina wina akuganiza zogula ngati ine. Ndimakhala ku Johannesburg koma kwathu ndi ku Malawi, ndipo ana anga anabadwira kuno, nyanja ankangoionera pa foni. Ndinafuna kuti tikamapita kumudzi tisamangothera pa khonde la agogo, tizikagonako mu tenti ku nyanja ndi ku Nyika. Ndiye ndinagula thirela yatsopano ya kampu, ija yokhala ndi tenti pamwamba, thanki ya madzi pansi, malo a fuliji ndi kabati ya mapoto.

Kuno ku Joni zogona kutchire ndi chikhalidwe chawo ndithu, makamaka azungu achibunu. Holide ikangofika msewu waukulu wa N1 umadzaza ndi ma Hilux ndi ma Fortuner okoka mathirela a kampu a Conqueror, a Bush Lapa, a Echo, ndipo kathirela kakang'ono ambiri amangokatchula kuti Venter ngakhale kapangidwe ndi kampani ina. Chomwe ndinasilira ndi choti iwowa chilichonse amayendera manambala. Pa thirela pali kachitsulo kolembapo kulemera kwake ili yopanda kanthu komanso malire a kulemera ikadzaza. Malirewo akapitirira makilo 750 iyenera kukhala ndi mabuleki ake, ndipo laisensi ya Code B siyikwanira, pamafunika EB. Ine ndinachita kubwerera ku sukulu yoyendetsa galimoto chifukwa cha chomwecho. Wogulitsa anandifunsa kuti pansi mufuna chani, ekiselo ya labala, masipuling'i a malifi (zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikiza zija) kapena makoyilo (masipuling'i opiringizika) oti tayala lililonse liziyenda palokha. Ndinasankha malifi afupiafupi opanda mashoko poti ndi omwe anali otchipa, ndipo iye anangoti zili bwino bwana, osandifunsa n'komwe kuti ndikupita nayo kuti.

Ulendo woyamba unali mu July. Polokwane, Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare mpaka Nyamapanda, kenako Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza. Pa boda paliponse thirela amaiwerenga ngati galimoto payokha, mapepala ake amawafuna padera. Ku Zimbabwe amafuna sitika ya T, yoyera kutsogolo kwa thirela yofiira kumbuyo, ndipo ku Zambia n'chimodzimodzi. Ku Mozambique ndi kasitika ka buluu kokhala ndi thirayango yachikasu, kutsogolo kwa galimoto ndi kumbuyo kwa thirela. Inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi koma ku Mozambique ayi poti sali mu COMESA, mumagula yawo. Zonsezi a trafiki amaziyang'ana mwachidwi, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anawerama kuona zapansi, ndipo pa phula thirela inkayenda bwinobwino moti nane ndinaiwalako.

Mavuto anayamba titadutsa Rumphi kulowera ku Bolero, phula litatha. Amene munapitako ku Chelinda kudzera pa geti ya Thazima mukuudziwa msewu umenewu, nthawi ya chilimwe umachita mizeremizere ngati malata, kwinako miyala, kwinako mvula inakumba. Ndikayang'ana pa galasi thirela ikungodumpha ngati mwana wa mbuzi, matayala kumachoka pansi ndithu, ikatera kumakoka galimoto cham'mbali. Titaima ndinatsegula kabati, mazira onse phwaa, botolo la mafuta ophikira lang'ambika pansi mafuta alowa mu ufa, chitseko cha kabati chikulendewera pa sikuluwu imodzi. Nditagwada pansi ndinapeza nati ya U-bolt, bawuti yomangira ekiselo ku malifi, yamasuka, ekiselo yasuntha pang'ono, pa lifi yaikulu pakuoneka kamzere kowala pomwe zitsulo zimakhuzana. Mwana wanga wamng'ono anandifunsa kuti adadi tigona kuti lero, mtima unandipweteka kwambiri. Tinamanga ndi sipanala n'kukwawa pang'onopang'ono, ku Chelinda tinafika kutada, kuzizira kwake kwa pamwamba pa mamita 2,000 kuja.

Potsika ndinapita kwa makaniko wina ku Mzuzu, bambo wachikulire wodziwa ntchito yake. Atangoyang'ana anati achimwene apa tiwonjezere malifi awiri mbali iliyonse, a Hilux yakale ndili nawo, simudzadandaulanso. Ndipo kumeneko ndiye kuganiza kwa kwathu, ku Mzuzu, ku Ndirande, ngakhale ku Chipata mukawoloka pa Mchinji. Galimoto ikafooka timailimbitsa. N'zomveka, chifukwa pikapu yathu imanyamula matumba a chimanga, simenti, anthu pamwamba pake, ndiye vuto lomwe makaniko amakumana nalo tsiku ndi tsiku ndi galimoto yokhala pansi chifukwa cha katundu. Koma yanga siinakhale pansi ayi, inali yolimba kale mopitirira, ndiye kuwonjezera malifi kukanangowonjezera kudumpha. Sipuling'i ntchito yake ndi kupindika kuti bampu isafike ku katundu, koma ikapindika imabwerera ndi mphamvu, ndipo chomwe chimaletsa kubwererako kuti kusapitirire ndi shoko. Popanda shoko, sipuling'i yolimba imangotumiza nkhonya zonse ku chasisi mpaka mowotcherera muyambe ming'alu. Chinanso chomwe kwathu sitimachilabadira, malifi mungawonjezere asanu koma ekiselo ndi yomweyo, mabeyaling'i ndi omwewo, nambala ya pa kachitsulo ija siisintha. Ndipo zowotcha lifi ndi moto kuti ipindike bwino zija zimaipha, chitsulocho chimafewa basi.

Ndiye nditabwerera ku Joni ndinapita kwa akatswiri a zoterezi, iwo anati chotsani zonse tiike makoyilo ndi mikono yake, thirela iziyandama. Ndinakwera nawo yoyesera pa msewu wa fumbi, zoona imayenda mofewa kwabasi, kapu ya madzi mwina osatayika. Koma ndinawafunsa kuti bushi ya mkonowo, kalabala ka polumikizira paja, ikadyeka ndili ku Rumphi ndikaipeza kuti? Anati timatumiza. Apa ndi pomwe ndinaona kuti anzathuwa amapanga zinthu ali ndi mapu a dziko lawo m'mutu, komwe tauni iliyonse ili ndi shopu ya zipangizo ndipo galimoto yodzakukoka imabwera ndi foni imodzi. Ekiselo ya labala nayo n'chimodzimodzi, pa phula ndi yabwino ndipo siifuna girisi wa masipuling'i, koma labala wa m'katimo akatha kapena mkono ukapindika palibe chomwe mungachite pambali pa msewu, mumasintha yonse. Pomwe lifi ikathyoka, bambo aja a ku Mzuzu akhoza kukudulirani ina, kubowola, kumanga, dzuwa lisanalowe muli pa msewu. Luso limenelo ine ndimalilemekeza kwambiri, ndipo kuno ku Joni silipezeka wamba, amangodziwa kuchotsa n'kuika chatsopano.

Mapeto ake ndinatenga mbali zonse ziwiri. Poyamba ndinachita za chi Joni, ndinaidzaza thirela ngati tikunyamuka, madzi, gasi, fuliji, zonse, n'kukaiyeza pa sikelo ya magalimoto kuti ndidziwe kulemera kwenikweni, osati kongoganizira. Madzi okha lita imodzi ndi kilo imodzi, anthu timaiwala. Kenako tinaika malifi ataliatali ofewerapo oyenerana ndi kulemerako, ndi mashoko awiri, mabulaketi ake omangidwa bwino pa chasisi. Za kwathu ndi izi, ndinakana chilichonse chomwe sichingapezeke ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Mahabu, pomwe matayala amamangidwira, tinasintha kuti akhale a mabawuti 6, ofanana ndi a Hilux yanga, marimu ndi matayala saizi imodzi, ndiye sipeya wa galimoto amalowa ku thirela, wa thirela amalowa ku galimoto. Kutalikirana kwa matayala nako tinakufananitsa kuti pa mchenga thirela iziponda momwe galimoto yaponda kale. Mu bokosi la kutsogolo mumakhala lifi yaikulu imodzi, ma U-bolt awiri, mabeyaling'i opaka kale girisi mu jumbo, ndi mabushi.

Zina sizinafune ndalama n'komwe. Phula likatha ndimaphwetsako matayala pang'ono, a thirela omwe, ndipo kusiyana kwake mumakumva nthawi yomweyo. Katundu wolemera ndimamuika pansi pamwamba pa ekiselo, kutsogolo kuzilemerako pang'ono, chifukwa kumbuyo kukalemera thirela imayamba kugwedeza mchira mukathamanga, ndipo zimenezo zagwetsa anthu. Tikaima paliponse ndimazungulira n'kugwira habu iliyonse ndi dzanja, yofunda ndi bwino, yootcha ndiye kuti beyaling'i ikulira.

Chaka chino tinabwereranso ku Chelinda msewu womwewo, mazira anafika onse amoyo ndipo m'mawa ana anadya akuonera mphalapala zikudya msipu mu nkhungu. Kuchoka uko tinatsikira ku nyanja mpaka Chitimba. Ana anafuna kukaona Livingstonia ndi mathithi a Manchewe, koma msewu wa Gorodi ndi makona ake opindika ngati chigongono aja sindinafune kuyesa ndi ngolo kumbuyo, mashoko kaya akhale abwino bwanji. Tinaimasula, kuika miyala ku matayala pa kampu pomwe tinagona m'mbali mwa nyanja, tinakwera ndi galimoto yokha.