Pemphero la Apaulendo Olowa M'matchalitchi Achilendo

Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene mumasunga kutuluka ndi kulowa kwathu, tabwera pamaso panu ife apaulendo amene tsiku lopembedza limatipeza kutali ndi mipingo yathu, ndipo timalowa m'nyumba zanu momwe nyimbo, chinenero ndi dongosolo la mapemphero n'zachilendo kwa ife.

Tikukuyamikani chifukwa cha abale athu a ku Ethiopia, amene amavula nsapato pakhomo monga munalamulira Mose pa chitsamba choyaka moto, nalowa m'matchalitchi osemedwa m'thanthwe ku Lalibela. Tikukuyamikaninso chifukwa cha a Orthodox a ku Greece ndi ku Russia, oimba popanda zida zoimbira, uku utsi wa lubani ukukwera, ndiponso Achipentekoste okweza manja ndi kufuula aleluya. Nawonso a mpingo wa Quaker, amene amakhala chete ola lathunthu kudikira Mzimu wanu, ndi anthu anu ndithu, ngakhale kuti kwa ambiri a ife kukhala chete koteroko n'kovuta kuposa ulaliki wautali.

Tetezani mitima yathu, Ambuye, kuti tisamayese kupembedza kwa ena ndi muyeso wa zimene tinazolowera. Tikasowa podziwira nthawi yoimirira kapena yogwada, tipatseni kudzichepetsa kotsanzira woyandikana naye. Dalitsani wotilandira pakhomo, ndi uja amene amatitsegulira tsamba loyenera m'buku la nyimbo asanatifunse n'komwe dzina. Koma tipatseninso nzeru zoyesa mizimu, pakuti si aliyense wotchula dzina lanu amene amaphunzitsa choonadi chanu.

Makamaka tikupempherera nthawi ya Mgonero, pamene ena akupita kutsogolo ife n'kutsala pampando chifukwa malamulo a mpingo umenewo satilola kulandira nawo. Musalole kuti tikwiye kapena kudzikakamiza pa gome limene sitinaitanidwe. M'malo mwake, chisoni cha nthawi imeneyo chisanduke pemphero lopempherera Mpingo wanu, umene unang'ambika pakati pa mipingo ya m'mizinda ya Roma ndi Constantinople m'chaka cha 1054 ndipo ukugawikanabe mpaka lero. Mwana wanu, usiku umene anaperekedwa, anapempha kuti onse omukhulupirira akhale amodzi (Yohane 17:21), ndipo ifenso tikubwereza pempho lomwelo, pamodzi ndi onse amene amavomereza chikhulupiriro chimene mabishopu anayamba kulemba pa msonkhano wawo mumzinda wa Nicaea m'chaka cha 325.

Tiperekezeni m'njira zathu zonse, ndipo kulikonse kumene tikagone mutisonyeze khomo la anthu anu. Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Amen.