Kukuwa ndi Chingerezi chakuya si mfundo ayi

Loweruka ndinakaonerera mpikisano wa mtsutso wa ana a sekondale, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi. Mutu unali wa yunifomu ya sukulu. Mnyamata wina anaimirira n'kuyamba kuponya mawu a Chingerezi ataliatali, holo yonse m'manja phwaphwaphwa. Pomaliza anakweza chibakera n'kukuwa mawu a Patrick Henry, wandale wa ku America wa m'zaka za m'ma 1770, aja akuti "ndipatseni ufulu kapena ndipatseni imfa". Mtsikana wa mbali inayo anayankhula modekha, mawu osavuta, mfundo iliyonse ndi chifukwa chake. Oweruza anapereka chikho kwa mnyamatayo. Akuti anayankhula mwamphamvu.

Mphamvu yake iti? Mwanayo sanatchule chifukwa ngakhale chimodzi! Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati mumawakonda anthu a ku America a nthawi imeneyo, awerengeni kaye, abale. Thomas Paine anabadwira ku England, sukulu sanapite nayo patali, ndipo anafika mumzinda wa Philadelphia ku America kumapeto kwa 1774. Mu Januwale 1776 anatulutsa kabuku ka masamba 47 kotchedwa Common Sense, kolimbikitsa kuti America ichoke pansi pa ulamuliro wa Britain. Nthawi imeneyo nkhondo ya pakati pa America ndi Britain inali itayamba kale, koma anthu ambiri ankafunabe kuyanjana ndi Mfumu George III ya Britain. Paine sanalembere maloya. Analembera alimi, akalipentala, asilikali wamba, ndipo kabukuko kankawerengedwa mokweza m'malo omwera mowa kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe amve.

Taonani mmene ankachitira. Ankadziwa kuti buku limene aliyense ankalidziwa ndi Baibulo, ndiye anatsegula 1 Samueli 8, pamene Aisraeli anapempha mfumu, Samueli n'kuwachenjeza kuti idzawalanda ana ndi minda. Anafunsa kuti ufumu wa m'magazi uli ndi nzeru yanji, poti mpando utha kugwera kamwana kapena chitsiru. Anafunsa kuti zingatheke bwanji kuti chilumba ngati Britain chizilamulira mpaka kalekale dziko lalikulu la kutsidya la nyanja. Anati kukhala pansi pa Britain kukukokera America m'nkhondo za ku Ulaya zomwe si zake, pomwe mbewu zake zitha kugulidwa pamsika uliwonse kumeneko. Mfundo, chifukwa. Mfundo, chifukwa. Munthu wamba akamva amatha kukabwereza kunyumba kwake osasokoneza. Ndiko kutsutsa kumeneko!

Chikalata cha America chodzilengezera ufulu cha pa 4 Julaye 1776, chomwe Thomas Jefferson analemba, anthu amangoloweza mawu ake oyamba okoma aja. Pitirizani kuwerenga. Gawo lalikulu ndi milandu 27 yomwe anaimba mfumu, umodziumodzi: misonkho yoikidwa popanda chilolezo chawo, asilikali okhazikidwa pakati pawo nthawi ya mtendere, kutsekeredwa malonda ndi mayiko ena. Ankadziwa kuti dziko silingawamvere chifukwa chokuwa. Linkafuna umboni, iwo anaupereka.

Ngakhale Patrick Henry yemweyo, amene mwana uja anamubwereka mawu. Anayankhula pa 23 Malichi 1775 m'tchalitchi cha St. John's ku Richmond, m'dera la Virginia. Panali nkhani yeniyeni patebulo: kodi Virginia ikonzekeretse asilikali ake kapena ayi. Mawu otchukawo ali kumapeto kwenikweni. Asanafike apo anakumbutsa anthu kuti akhala akudandaula kwa zaka 10 osamvedwa, ndipo anafunsa kuti zombo ndi asilikali omwe Britain ikutumiza akudzalimbana ndi ndani ngati si iwo. Komanso dziwani kuti tsikulo palibe analemba zonse zimene ananena. Zomwe timawerenga anazisonkhanitsa William Wirt m'buku la 1817, kuchokera kwa anthu okumbukira, Henry atamwalira kale mu 1799. Ndiye mwana atole mzere umodzi womaliza, ataye zifukwa zonse, inu mumupatse chikho?

Aphunzitsi ena ndi andale ndiwo anatizoloweza zimenezi, koma ine ndili ndi inu oweruza. Mwaphunzitsa holo yonse kuti phokoso limapambana nzeru. Mwauza mtsikana uja kuti kuganiza n'kutaya nthawi. Mawa akalemba nkhani ya mayeso adzadzaza pepala ndi mawu omwe iye mwini sakuwamva, chifukwa mwamuonetsa kuti ndizo zimalipira. Mawu akuluakulu si mfundo. Kukweza mawu si mfundo. Dzina la munthu wotchuka si mfundo. Mfundo ndi chifukwa chomwe mnzako angachigwire, n'kuchiyesa, n'kulephera kuchigwetsa.

Ndipo china chondiwawa: ana athu akuloweza mawu amenewa popanda wowauza kuti Henry, pokuwa za maunyolo ndi ukapolo, kwawo anali ndi akapolo. Jefferson, wolemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, anakhala ndi akapolo oposa 600 pamoyo wake. Anthu akuda ngati ife! Mwana wa Chiafirika akukweza chibakera ndi mawu a mwini akapolo, mphunzitsi ali phee, sanamuuzepo ngakhale tsiku limodzi.