Chilombo chopanda kwawo sichindiopsa ine

Abale anzanga, dzulo tinatsutsana ndi mnzanga wina mpaka usiku pa nkhani ya zilombo za m'mafilimu a masiku ano, ine ndimvekere zambiri mwa izo anazipanga mwaulesi basi. Chatsika kuchokera kumwamba uko, mpweya wathu chikupuma bwinobwino, chilichonse chikudya, dzuwa osachiwotcha, olo kachimfine ayi. Aaa, chinakulira kuti chimenechi?

Olemba akale ankayamba aganiza za kwawo kwa chilombo asanachipatse mano. Tengani buku la Dune la Frank Herbert lija la 1965. Ku Arrakis, dziko lopeka kumene nkhaniyo ikuchitikira, ndi mchenga wokhawokha, mvula sigwa olo kamodzi, ndipo pansi pa mchengawo pamayenda zinyongolotsi zikuluzikulu, zina mamita 400 kutalika, zoti chimakina chokumba spice (mankhwala a mtengo wapatali opezeka mumchengamo) zimangomeza chonse kamodzi n'kamodzi. Koma chimphona chimenechi mukachithira madzi ambiri chafa, kwa icho madzi ndi poizoni. Ndiye tiana take, amati sandtrout, timakuta madzi onse pansi pa nthaka kuti asafike kwa makolo awo, kutanthauza kuti chipululu chija anachipanga ndi nyongolotsi zomwezo kuti zizitha kukhala. Spice amene ufumu wonse ukuphana chifukwa cha iye amachokeranso m'moyo wa nyongolotsizo. Olo kayendedwe ka anthu kumeneko n'kosiyana, suponda ngati msilikali pa perete ayi, chinyongolotsi chimamva kugunda kwa mapazi nkubwera.

Pamene pamandizunguza mutu ndi apa. A Fremen, anthu a m'chipululumo, maloto awo ndi oti tsiku lina mvula igwe, mitengo imere, ana asambe mu mtsinje. Ndani angawanene? Koma m'buku lina la Herbert, Children of Dune la 1976, msipu wayamba kumera, nyongolotsi zayamba kuchepa, spice nayenso ali pa ulendo. Madzi kapena chuma, sankhani chimodzi. Ine mpaka lero sindinasankhe mbali. Herbert zimenezi sanangolota, mu 1957 anapita ku Florence, Oregon ku America kukaona mmene ankadzalira udzu kuti milu ya mchenga isamayende ndi mphepo.

Mnzanga uja akuti chabwino, koma chilombo chenicheni chimayenera chigonjetse paliponse. Ndinamukumbutsa za buku la H. G. Wells, The War of the Worlds, la 1898. Zolengedwa za ku Mars zatera pafupi ndi Woking ku England ndi zimakina za miyendo itatu, zikuotcha chilichonse, utsi wakuda ukupha anthu, London yonse yathawa. Koma zikatuluka m'makinamo zimangokwawa movutika chifukwa dziko lathu limakoka zinthu pansi pafupifupi katatu kuposa Mars. Ndipo anazipha ndani? Osati mizinga. Mabakiteriya, tizilombo tomwe ife tinatizolowera kalekale, pomwe kwawoko kulibe ndiye matupi awo analibe chodzitetezera. Udzu wofiira umene zinabwera nawo unayanga paliponse kenako unafanso chimodzimodzi. Zinali ngati ng'ona yomwe yapita kukasaka pamwamba pa phiri.

Iye akuti mathero amenewo ndi chinyengo, amafuna asilikali ndi amene apambane. Ndamupatsa bukulo kuti awerenge yekha, Loweruka tipitiriza.