Dambo la Ngwerere lisadulidwe mapuloti, likhale paki yowedzamo nsomba

Loweruka ndinadutsa cha ku mtsinje wa Ngwerere, ku Lusaka. Anyamata atatu anali pa kamlatho, mbedza atamangirira ku bango, nyongolotsi zili m'kachitini ka dzimbiri. Wamng'ono pa onsewo anandionetsa kamlamba kamodzi komwe anagwira chiyambire m'mawa, mano onse ali pamtunda. Mtima unandiwawa, chifukwa madzi amenewo ndi aja otsika m'ngalande za m'tauni, Bombay drain imathira momwemo.

Ana a m'makomboni a Lusaka alibe kosewera. Ku Kalimba kuli maiwe owedzamo, koma ndi malo a eni ake, pageti umalipira. Munda Wanga, paki ya mitengo ndi nyama, ili ku Chilanga, kholo liyambe lapeza ya basi. N'chifukwa chake ndikuti dambo la m'mbali mwa mtsinjewu lisungidwe, likhale malo a tonse: udzu, mitengo ya mthunzi, bwalo la mpira ndi dziwe lowedzamo.

Ena amati, mungaike bwanji paki pamalo posefukira madzi? Abale anga, ndiye malo ake enieni amenewo. Bwalo la mpira likamira mu January, pofika April lauma, ana abwerera. Nyumba ikamira ndi maliro. Anzathu a ku Kanyama amadziwa kugona katundu ali pamwamba pa tebulo. Madzi saiwala khwawa, ndipo dambo likadzaza nyumba madziwo amakalowa kwa wina kumunsi.

Koma limangidwe podziwa kuti lidzamira. Mabenchi akhale a simenti. Zimbudzi zikhale kumtunda, zosakumba pansi, pakuti mwala wa pansi pa Lusaka ndi wa mphakomphako, zonyansa zimafika msanga m'madzi a m'zitsime. Sitinaiwale January wa 2024, pomwe Heroes Stadium inasanduka chipatala cha kolera.

Dziwe ndiye lofunika kuliganizira kwambiri. Lisamwe madzi a mtsinje mwachindunji; ayambe adutsa m'mabango ndi m'milulu kuti asefeke, ndipo aziyezedwa asanalole munthu kudya nsomba yake. Khoma lake likwere kuposa pomwe madzi amafika chaka cha mvula yambiri. Malire amenewo afunseni amayi olima ndiwo kumeneko, amawadziwa kuposa mapu. Nsomba zikhale za kwathu konkuno. Tilapia ya ku Nile inathawa m'maiwe a alimi n'kudzaza mu Kafue, lero ikusakanikirana ndi bream yathu. Ngwerere amathira mu Chongwe, Chongwe mu Zambezi, ndiye chothawa m'dziwe lathu chipita kutali.

Kuyambira 1 December mpaka kutha kwa February kuwedza kumatsekedwa kale kuti nsomba ziswane. Ndi nyengo yomweyo madzi amakwera, dziwe nalo lizipuma.

Amayi a madimba aja asathamangitsidwe, apatsidwe mbali yawo. Ndipo mwana wobwera ndi bango lake azilowa ulere.